Agologolo a m'mapiri amalowa pansi ndisanawajambule: kodi ndigule lenzi yaikulu?

Funso: "Akatswiri, ndakhala ndikujambula mapiri ndi mitengo kwa kanthawi, koma pano mtima wanga uli pa tinyama ting'onoting'ono. Chaka chatha ndinapita kumapiri a Rocky ku Canada kumapeto kwa Ogasiti. Agologolo okhala m'mauna ndinawaona ochepa, ndipo ochepawo ankalowa pansi ndisanafike pafupi. M'miyala ndinkangomva kulira kwa pika (kanyama kooneka ngati kalulu wamng'ono) koma osamuona bwinobwino. Zithunzi zimene ndinabwera nazo n'zomvetsa chisoni: kanyama kakuoneka ngati kadontho, pena udzu ndi umene waoneka bwino, kanyamako kali mbuu. Kamera yanga ndi ya sensa ya APS-C, lenzi ndi ya 70-300mm. Ndigule ya 600mm? Mnzanga akuti ndizingomwaza mtedza pamwala, tizibwera tokha. Ndithandizeni."

Zikomo achimwene polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Zimene mwafotokozazi zimagwera pafupifupi aliyense amene wangochoka pojambula mapiri n'kuyamba tinyama, chifukwa phiri limakudikirani pamene gologolo alibe nazo ntchito zoti mwachokera kutali. Lenzi muli nayoyo ikhoza kukupatsani zithunzi zabwino zedi. Chinakuvutani ndi nyengo imene munapitira, mtunda umene unali pakati pa inu ndi kanyamako, komanso kayandikiridwe kanu. Za mtedzazo ayi, musayerekeze, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Tiyambe tawerengera pang'ono ndalama zanu zisanatuluke m'thumba. Sensa ndi kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi, ndipo ya APS-C ndi yotambalala pafupifupi mamilimita 23. Lenzi ikakhala pa 300mm, kanyama kali pa mamita 15, chithunzi chimatenga malo otambalala pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20, ndiye gologolo wa thupi la masentimita 20 amangotenga gawo limodzi mwa magawo 6. N'kadontho kaja. Lenzi yomweyo pa mamita 5 imatenga masentimita 40 okha, gologolo n'kudzaza theka la chithunzi. Nanga ya 600mm pa mamita 15? Imatenga masentimita 60. Mukuona kuti munthu wokhala pansi pa mamita 5 ndi lenzi yanuyo amaposa wa 600mm amene waima patali. Komanso malenzi a 150-600mm amalemera pafupifupi makilogalamu awiri, ndipo pokwera chitunda makilogalamu awiriwo mumawamva m'mawondo.

Nyengo inakulakwirani theka, theka lina inakukomerani. Agologolo amene amadzaza madambo a m'mapiri a Rocky, a mtundu wa Columbian, amakhala kunja miyezi itatu kapena inayi yokha pachaka, miyezi yotsalayo ali mtulo pansi pa nthaka. Ambiri amakhala atatseka kale mauna pofika pakati pa Ogasiti, akuluakulu poyamba, ana pambuyo. Munafika msonkhano utabalalika. Mwezi wawo ndi Juni ndi Julayi, pamene ana angoyamba kutuluka ndipo amasewera pakhomo pa una popanda mantha ambiri. Alipo gologolo wina wa mizere kumsana ndi mapewa ofiirira, wotchedwa golden-mantled, amene amachedwerapo kugona. Anthu amamusokoneza ndi kagologolo kena kotchedwa chipmunk, koma yang'anani kumaso: chipmunk ali ndi mizere kumaso, iye alibe. Pika ndiye wosiyana nawo onsewa. Ndi wachibale wa kalulu, sagona tulo ta nyengo yozizira, choncho kumapeto kwa chilimwe amakhala kalikiliki kututa udzu ndi maluwa n'kumaunjika pansi pa miyala. Ogasiti munapitayo inali nthawi yake yeniyeni. Kumapiri a Alps ku Ulaya, agologolo akuluakulu a m'mauna otchedwa marmot amaoneka kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala.

Pa nthawi ya tsiku, musatengere malangizo a ojambula nyama zikuluzikulu oti mbandakucha muli kale pamalo. Agologolo a pansi amadikira dzuwa lifike pachitunda pawo, kawirikawiri ola limodzi kapena awiri litatuluka, ndipo kukagwa mvula kapena kukawomba chimphepo amangokhala m'nyumba. Chitunda choyang'ana kum'mawa chimadzuka msanga kuposa choyang'ana kumadzulo. Pika sapirira kutentha: maola ochepa pa madigiri 25 kapena kuposa akhoza kumupha ngati alibe pothawira, n'chifukwa chake masana amalowa m'ming'alu yozizira n'kutulukanso dzuwa litapendeka. Mbira za m'matanthwe a mu Africa nazo zimayamba tsiku ndi kuwothera dzuwa zitaunjikana pamwala, ndipo ndi nthawi imeneyo imene zimajambulika mosavuta.

Tsopano pachimake pa nkhani. Kanyama kolemera theka la kilogalamu kamafika mawa chifukwa chokayikira chilichonse chachikulu chobwera molunjika. Munthu woimirira, woyenda mowongoka, maso ali pa iko, chinthu chakuda chili m'manja, kwa iko n'chilombo basi. Mukamakatsatira kazingokutalikirani. Chofunika kusaka ndi malo amene kamabwererako. Mukafika, khalani patali mphindi 20 kapena 30, kamera ili m'chikwama, muzingoyang'ana. Mudzaona kuti gologolo aliyense ali ndi mwala kapena kachulu kamene amakwerapo poyang'ana adani, ndipo amabwerera pomwepo mobwerezabwereza. Una wokhala ndi mwini mumaudziwa ndi dothi latsopano pakhomo ndi tinjira topondedwa m'udzu. Kwa pika, pitani m'mphepete mwa mulu wa miyala yogumuka, pamene miyalayo yakumana ndi udzu. Fufuzani kamulu ka masamba obiriwira kosungidwa pansi pa mwala wotsamira, timanyi tating'ono tozungulira, ndi miyala yokhala ndi zoyerayera za mkodzo, nthawi zambiri pali ndere zofiirira pambali pake.

Mwala uja mukaupeza, yandikirani mokhotakhota, pang'onopang'ono, maso ali kumbali ngati muli ndi zanu zina. Kanyama kakasiya kudya n'kukuyang'anani, imani. Kakayambiranso kudya, sunthani mapazi awiri kapena atatu. Kakaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kuyamba kulira, mwafika pamalire ake, khalani pansi pomwepo. Ngakhale kalowe m'una, palibe chaipa: pitani mukakhale pa mamita 5 mpaka 8 kuchokera pamwala uja, dzuwa lili kumbuyo kwa phewa lanu, chithunzithunzi chanu chisagwere pakhomo pa una, ndipo musatsekereze njira ya pakati pa una ndi podyera. Lozetsani lenzi pamwalawo nthawi yomweyo, konzani zonse, kenako dikirani. Mphindi 15 mpaka 30 si zachilendo.

Ambiri amalakwitsa pamphindi yomaliza. Choyamba kutuluka ndi kamphuno ndi maso basi, kakukuyesani. Wojambula amasangalala, amadzutsa kamera msangamsanga, kanyama zii, kudikira n'kuyambiranso. Lekani katuluke konse, kadzikande, kayambe kudya, ndiye muyambe kudina. Kusuntha kwadzidzidzi kochokera m'mwamba ndi kumene tinyamati timakuopa koposa, poti adani ake oopsa ndi akabawi ndi ziwombankhanga. Kafukufuku wa katswiri wa nyama Paul Sherman pa agologolo a mtundu wa Belding ku Tioga Pass, m'mapiri a Sierra Nevada ku United States, anasonyeza kuti amalira mosiyanitsa: mluzu umodzi wakuthwa kukabwera mbalame yolusa, kulira kotsatizana kukabwera chilombo choyenda pansi. Mluzu uja ukalira onse amamwazikira m'mauna nthawi imodzi, pamene kulira kwachiwiriko ambiri amangoimirira n'kumayang'ana. Dzanja lokwezedwa msanga, chipewa chouluka ndi mphepo, kapena mutu wanu wotulukira mwadzidzidzi pamwamba pa chitunda, zimatha kukuchotserani dambo lonse. Mtundu wa zovala si nkhani yaikulu, bola zisakhale zowala kwambiri kapena za nsalu yochita phokoso mukasuntha. Galu musapite naye.

Chithunzi chojambulidwa mutaimirira chimaonetsa msana wa kanyama ndi dothi, ndipo palibe lenzi yodula imene ingachikonze. Tsitsani kamera ifike pa msinkhu wa diso lake. Gonani chafufumimba, lenzi muitsamiritse pa chikwama kapena pa kathumba kodzaza mchenga kapena njere zouma, kamene kamagwira bwino pamiyala kuposa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Ngati sikirini ya kamera yanu imapindika, ikani kamera pansi muziyang'anira pamenepo, khosi lisavutike. Mukatsika chonchi, zakumbuyo kwa kanyama zimakhala kutali, mwina chitunda china kapena mitengo ya kutsidya, ndiye zimasungunuka n'kusiya kanyamako kataonekera bwino. Musanakhazikike suzumirani m'kamera muone chimene chili kumbuyo kwa mwala uja. Kusuntha theka la mita kumanzere kapena kumanja kumachotsa nthambi yoyera kapena mwala wonyezimira umene ukanaononga chithunzi chilichonse cha m'mawa umenewo. Pogona sankhani mwala kapena dothi lopanda kanthu, chifukwa timaluwa ta pamwamba pa mapiri timatenga zaka kuti tiphukenso tikapondedwa.

Pa makonzedwe a kamera, chimbuuzi chambiri chimachokera ku shutter yochedwa, kutanthauza kuti kamera yatsegukira kuwala nthawi yaitali. Tinyamati timaoneka ngati tangokhala, koma mphuno, ndevu ndi nsagwada sizipuma. Kokhala phee pamwala, 1/500 ya sekondi ndiye poyambira. Kakamadya, 1/1000. Kothamanga kapena ana akamalimbana, 1/2000 mpaka 1/3200. Mbali ya lenzi yoletsa kugwedera imathandiza manja anu okha, siimitsa gologolo. Njira imene ine ndimalangiza ndi kuika kamera pa M, kusankha nokha shutter ndi aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala m'lenzi, monga f/8), ISO (mphamvu ya sensa yomva kuwala) n'kuisiya pa Auto ndi malire a 3200, kapena 6400 ngati kamera ndi yatsopanoko. Musaope ISO yokwera. Timadontho take timachepetsedwa pa kompyuta, koma chithunzi chogwedera n'chotaya.

Udzu wooneka bwino kanyama kali mbuu uja uli ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha poika focus, imagwira chimene chili pafupi kapena chooneka mizere yakuthwa, ndipo udzu umapambana ubweya. Ikani autofocus yotsatira chinthu choyenda, imene Canon amaitcha Servo pamene Nikon ndi Sony amati AF-C, musankhe kadontho kamodzi kakang'ono, mukaike padiso. Makamera a mirrorless (opanda kalilole mkati) ozindikira diso la nyama amachita bwino kanyama kakakhala poyera, koma m'udzu nawonso amasochera, choncho dziwani batani lobwerera ku kadontho kamodzi osachotsa diso pakamera. Chachiwiri ndi kuchepa kwa malo ooneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwa pamene mwaika focus. Pa 300mm, f/5.6, mamita 5, malowo ndi pafupifupi masentimita 6 okha. Pa mamita atatu amatsika kufika pa masentimita awiri. Focus ikagwira phewa, diso lataika kale. Pa f/8 mumapeza masentimita 9 pa mamita 5, komanso malenzi ambiri a 70-300mm amatulutsa ubweya bwino pa f/8 kuposa atatsegulidwa kotheratu. Kukawala mokwanira, khalani pa f/8.

Kuwala kwa m'mapiri kumapusitsa kamera. Kanyama kakakhala pa chipale chofewa kapena pamiyala yoyera, kamera imadetsa chithunzi chonse, ndiye onjezerani kuwala kwa chithunzi ndi +1, pena kuposerapo pang'ono. Kakakhala padzuwa kumbuyo kuli mthunzi wa nkhalango, chepetsani ndi -2/3 kapena -1, apo ayi ubweya wa pamimba umapserera n'kuyera mbee. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene sensa yatenga) ndipo muziyang'ana histogram, katchati koonetsa kuwala kwa chithunzi, chifukwa sikirini padzuwa imanama. Dikirani mutu utembenuke mpaka kadontho ka kuwala kaoneke m'diso, poti diso lakuda bii limaoneka lakufa. Tsiku la mitambo yopyapyala ndi labwino kuposa la dzuwa lowala phwee. Flash isiyeni m'chikwama.

Pali vuto lina limene anthu amanamizira nalo malenzi awo. Dzuwa likatenthetsa miyala, mpweya wa pamwamba pake umavinavina ngati umene mumaona pamsewu wa tala masana. Mukajambula kudutsa mamita 15 kapena 20 a mpweya woterowo, makamaka kamera ili pansi, palibe chimene chimaoneka bwino, ngakhale mwala weniweniwo. Lenzi ikakula, vutoli limakulanso. Mankhwala ake ndi kujambula kusanatenthe ndi kuchepetsa mtunda.

Pika amafuna kachitidwe kake. Kumutsatira ndi lenzi akuthamanga m'miyala n'kudzivuta. Koma potuta amadutsa njira imodzimodzi, kuchoka pamulu wake kupita kuudzu n'kubwerera masamba ali kukamwa, ndipo pali miyala iwiri kapena itatu imene amaimapo kamphindi kapena kulirirapo. Muoneni maulendo angapo, sankhani mwala umodzi, ikani focus pamenepo, shutter pa 1/2000, ndipo mukamuona akubwera yambani kujambula motsatizana asanafike. Ngati kamera yanu ili ndi njira yosunga zithunzi za kamphindi musanadine kotheratu, monga Pro Capture ya OM System kapena Pre-Release Capture ya Nikon, ntchito yake ndi imeneyi. Shutter yosalira imathandiza pafupi, ngakhale pa makamera ena imapotoza zinthu zothamanga kwambiri. Mulu wa udzu wakewo musaukhudze, ndi chakudya chake cha nyengo yonse yozizira.

Tibwerere ku mtedza wa mnzanu. M'mapaki a boma la Canada, monga Banff ndi Jasper, kudyetsa nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo chindapusa chimatha kufika madola 25,000 a ku Canada. Gologolo wozolowera chakudya cha anthu amayamba kukwera m'miyendo, kuboola zikwama ndi kuluma zala, amaunjikana pamalo oimika magalimoto pomwe ambiri amagundidwa, komanso zakudya zamchere si zimene thupi lake limafuna pokonzekera tulo ta miyezi. Ngakhale pa chithunzi penipenipo mumaluza: mumapeza kanyama kakupemphetsa, makoko ali mbwee pamwala, ndipo mipikisano yodziwika ya zithunzi za chilengedwe ili ndi malamulo okhwima pa zonyengerera nyama. Kuliza mawu awo pafoni kuti aimirire nakonso n'kuwataitsa nthawi yodya, imene pachaka ndi yochepa kale.

Funsaninso ogwira ntchito m'paki za mtunda wololedwa, chifukwa malamulo amasiyana. Ku Yellowstone ku United States, mwachitsanzo, lamulo ndi mayadi 25, omwe ndi mamita 23, kwa nyama zonse, ndi mayadi 100 kwa zimbalangondo ndi mimbulu. Kumalo a lamulo lotere masamu aja amatembenuka, ndipo lenzi ya 600mm imayamba kukhala ndi phindu lenileni.

Thanzi lanu nalo lisaiwalike, poti ntchitoyi ndi yogona pansi pafupi ndi mauna. Kumadzulo kwa United States, ku Mongolia ndi madera ena a pakati pa Asia, nthata za agologolo ndi za marmot zimatha kufalitsa mliri wa makoswe. Musagone pakhomo penipeni pa una, musakhudze kanyama kakufa kapena kooneka kodwala, valani zophimba mikono ndi miyendo, ndipo dzolani mankhwala othamangitsa tizilombo. Mukaona tinyama tambiri takufa pamalo amodzi, chokanipo mukauze oyang'anira paki. M'tinyumba ta m'mapiri tokhalitsa totseka, musasese manyi a mbewa ali ouma, chifukwa fumbi lake limatha kukhala ndi kachilombo koyambitsa matenda kotchedwa hantavirus. Mu 2012 alendo 10 a ku paki ya Yosemite ku United States anadwala matendawa ndipo atatu anamwalira. Madzulo dzifufuzeni nkhupakupa m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo ndi m'tsitsi. Mukamva kutentha thupi mwadzidzidzi, mwanabele wopweteka m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi pasanathe sabata, kapena kuphwanya m'thupi kotsatana ndi kubanika ngakhale patapita masabata angapo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munali ndi zimene munkachita. Mukalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, kenako kaonetseni.

Phiri lenilenilo lili ndi zake. Munthu wogona chete m'udzu, diso lili m'kamera, saona chimene chikubwera kumbuyo, ndipo zimbalangondo za grizzly zimafukula agologolo omwewo. Khalani awiri, wina aziyang'ana uku ndi uku, ndipo utsi wothamangitsira zimbalangondo ukhale m'chiuno, osati pansi pa chikwama. Kuzizira kumaonjezereka ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo wongokhala amazizidwa msanga kuposa woyenda, choncho tengani jekete ngakhale kukuwala. Batire lapadera likhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Pochoka kozizira kulowa kofunda, kamera ikhale m'pulasitiki yotseka mpaka ifunde, kuti chinyezi chisalowe m'lenzi. Mabingu a masana akayamba tsikani, musadikire chithunzi chimodzi chomaliza. Pamalo opitirira mamita 2,500, mutu wopweteka ndi nseru ndi chizindikiro choti musakwerenso, ndipo kudzandira, kusokonezeka maganizo kapena kubanika mutangokhala kumafuna kutsika nthawi yomweyo ndi thandizo la chipatala. Chikwama ndi ndodo musazisiye patali, chifukwa marmot amatafuna malamba ofuna mchere wa thukuta.

Musanapitenso, yesani kamera yanu kunyumba kuti mudziwe ngati ili ndi vuto. Matani nyuzipepala pakhoma, ikani kamera pa tripod pa mamita 5, lenzi pa 300mm, mujambule ndi timer pa f/5.6 ndi pa f/8. Ngati ndi DSLR (kamera ya kalilole mkati), jambulani kawiri: kamodzi mukusuzumira pa diso la kamera, kachiwiri ndi live view, kutanthauza mukuyang'ana pa sikirini. Zilembo zikaoneka bwino pa live view pokha, autofocus ikuphonya kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo makamera ambiri ali ndi pokonzera zimenezi mu menu. Zikakhala zachimbuuzi ponseponse, kapena mbali imodzi yokha ya chithunzi, lenziyo ipite kwa okonza makamera. Zonse zikaoneka bwino, pitani ndi lenzi yanuyo mu Julayi, ndipo ngati ya 600mm ikukukopanibe, ibwerekeni kaye masiku awiri kapena atatu mukwere nayo chitunda musanaigule.